Tilole ndani pa mpikisano wa maboti a injini?

Bambo a Yusufu, Namiasi:
Moni nonse akuluakulu. Nkhani ya mpikisano wa maboti ija ikufunika kuimanga tsopano, chifukwa Okutobala sali patali ndipo bata la panyanja silidikira munthu. Padoko tinagwirizana kuti sitinyamutsa maboti onse pamodzi. Boti lililonse lizithamanga lokha pakati pa zigubu ziwiri zomwe tidzamange pamadzi, ife tili ndi wotchi kumtunda, ndipo amene wadya nthawi yochepa ndiye atenge mbuzi ija. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti tilole ndani. Maganizo anga ndi awa: woyendetsa akhale wa zaka 18 kupita m'tsogolo, avale jekete yoyandamitsa, kachingwe kozimitsira injini kakhale komangidwa pathupi pake, asanunkhe mowa, ndipo tisanamulembe dzina atisonyeze pamaso pathu kuti amatha kusambira. Tsutsani pofunika kutsutsa, koma tisanyozane.

Che Mdala, Msaka:
Akundilembera ndi mdzukulu wanga chifukwa tizilembo ta pafoniti timandivuta. Che Yusufu, zonse mwanenazi ndamva, koma za kusambirazo mwandilaga. Ine ndinayamba ndi bwato ndi nkhafi ndisanamere ndevu. Ndakhala siginala, wotsogolera anzanga pomwe pali nsomba, ndagona pamadzi ndi nyali zaka zosawerengeka, ndaoloka kupita ku Makanjira mwera uli pakati. Lero ndivule malaya pamaso pa ana kuti aone ngati ndimasambira? Amene akundikayikira akafunse ku Msaka konse. Lamulo limenelo likhale la anyamata obwera kuchokera kumtunda, amene nyanja anaiona atakula kale.

Mayi a Shakira, Makawa:
Che Mdala, palibe amene akukukayikirani, ndipo ine ndimakulemekezani ngati bambo anga. Koma mukamasulidwa inu, mawa wina adzati nanenso ndinabadwira padoko, ndipo mzere udzatha pomwepo. Alovi ena amene ndimawalemba pa boti langa ndi a kunyanja konkuno, koma kusambira kwawo n'kongofika pomwe phazi likugunda mchenga.

Aphunzitsi, Malindi:
Ndilowepo pang'ono, poti masewerawa ndimawatsatira pa intaneti. Pa dziko lonse mipikisano ya maboti a injini imayang'aniridwa ndi bungwe la UIM, lomwe linayamba mu 1922 ndipo likulu lake lili ku Monaco. Mpikisano wake waukulu wa maboti othamanga mozungulira ndi F1H2O, unayamba mu 1981, ndipo maboti ake amapitirira makilomita 200 pa ola. Kumeneko munthu salowa chifukwa choti ndi wodziwika. Amayenera kukhala ndi laisensi, amapimidwa ndi dokotala, kenako pali mayeso amene ine amandichititsa nthumanzi ndikamawaonera: amamumanga malamba m'kachipinda konga ka m'boti lake, n'kukatembenuza chadodolido pansi pa madzi. Iye amasule malamba, achotse chiwongolero, atsegule, atuluke yekha, akatswiri osambira ali pambali kumuyang'ana. Wolephera sathamanga. Ndipo sachita kamodzi n'kuiwala, amabwerezanso nthawi ikakwana, ngakhale amene anatengapo kale chikho cha dziko lonse. Ndiye Che Mdala, akatswiri enieniwo ndi amene amayamba kumizidwa. Kwawo si chipongwe.

Che Mdala, Msaka:
Awo ali ndi ndalama zawo ndi maboti awo ouluka. Ife tikunena za matabwa ndi injini ya 15.

Makaniko, Monkey Bay:
Poti mwatchula injini ya 15, ndiyambire pomwepo, chifukwa pamenepo ndi pomwe padzabuke ndewu kuposa za kusambirazo. Simungaike 15, 25 ndi 40 m'gulu limodzi, aliyense akudziwa. Koma chimene ambiri sadziwa n'chakuti chivindikiro cha injini chimanama. Pa Yamaha za two-stroke zimene zadzaza m'madoko athuzi, 9.9 ndi 15 thupi lake ndi limodzi, kusiyana kwake kuli pa zinthu zochepa monga kabuleta. Munthu atha kubwera ndi injini yolembedwa 9.9 pamwamba koma mkati ikukoka ngati 15. Enanso amangosintha chivindikiro kapena kumata nambala ina. Pa shedi yanga zimenezi ndimaziona. Ndiye tisakhulupirire zolembedwa pamwamba. Injini iliyonse itsegulidwe m'mawa wa tsikulo, tiwerenge kachitsulo ka manambala komwe kali pa bulaketi yomangira ku boti, tione kabuleta, titseke, timange chizindikiro chathu. Wokana kutsegula injini yake asathamange.

Chinanso, ndamva anyamata akunena kuti injini imathamanga bwino ukachotsa chivindikiro kuti ipume. Ameneyo ndimubweza ndekha. Chitsulo chozungulira chapamwambacho chikagwira malaya kapena chingwe, dzanja limatsatira.

Mnyamata wa maboti a alendo, Chembe:
Zamainjini ndagwirizana nazo. Ine vuto langa ndi zaka 18. Mng'ono wanga ali ndi zaka 16. Ndikunena mosakokomeza, pa Chembe pano ndi ochepa amene amamuposa kugwira handulo. Amapita nane ku Thumbi ndi ku Domwe pafupifupi tsiku lililonse sukulu ikatsekera, amadziwa pomwe pali miyala, amasambira ngati katumbu. Mayeso onse a Bambo a Yusufu akhoza kuwakhoza maso ali chitsinzire. Wakhala akukonza pulagi ndi kutsuka thanki kuyambira tsiku lomwe anamva za mpikisanowu. Ndikamuuze kuti chiyani?

Aphunzitsi, Malindi:
Kunena zoona, kunja ana amathamanga. UIM ili ndi gulu la achinyamata lotchedwa GT15, la mainjini a mphamvu 15 ngati athu omwewa. Koma taonani zomwe zimawazungulira anawo: makolo amasaina, mwana amaphunzitsidwa kaye ndi kalabu, amavala chipewa cholimba, ndipo boti lopulumutsa anthu limakhala pamadzi injini ikulira. Ife chaka chino tilibe zambiri mwa zimenezi. Komanso kuyambira 2017, pamene malamulo aakulu a dziko lathu anasinthidwa, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Chitachitika china chake, funso loyamba la apolisi lidzakhala lakuti anamulola mwanayu ndani.

Mnyamata wa maboti a alendo, Chembe:
Aphunzitsi, ndikufunseni mwaulemu. Usiku uliwonse pa nyanja ino pamakhala ana a zaka 14 ndi 15 akukoka ukonde wa chilimira mumdima, opanda jekete, mpaka mbandakucha. Ena amakapa madzi m'boti usiku wonse. Palibe amene amawafunsa zaka. Koma tsiku limodzi loti mwana asangalale, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali m'mbali kumuyang'anira, ndiye pomwe tikukumbukira kuti ndi mwana? Izi zikundiwawa.

Mayi a Shakira, Makawa:
Achimwene, mwanena zoona ndipo zandilasa, chifukwa inenso ndine mwini boti. Ana amenewo sayenera kukhala pamadzi usiku, ndipo timaona n'kukhala chete chifukwa usipa ukufunika. Koma cholakwa chimenecho sichingatipatse chilolezo choti tiwonjezerepo china. Pa chilimira injini imayenda mwakachetechete, munthu akusamala mafuta. Pa mpikisano mwana adzapotokola handulo mpaka kumapeto, anzake akukuwa dzina lake kumtunda, ndipo pa zaka 16 mtima sudziwa kubweza. Ndili ndi wanga wa msinkhu womwewo, ndikudziwa.

Bambo a Yusufu, Namiasi:
Achimwene a ku Chembe, ndamva kulira kwanu. Chaka chino 18 ikhale. Koma mng'ono wanuyo musamusiye kunyumba. Tikufuna munthu wa maso akuthwa woti agwire mbendera pa chigubu chomalizira, akhale m'boti la oweruza. Abwere aone mmene zikuyendera, ndipo tikadzakhala ndi boti lopulumutsa lodalirika, za gulu la achinyamata tidzazikambe padera.

Mnyamata wa maboti a alendo, Chembe:
Ndimuuza. Sindikulonjeza kuti avomera mbenderayo.

Mayi a Shakira, Makawa:
Tsopano ndilankhule za kachingwe kofiira kozimitsira injini kaja, chifukwa ndaona kuti aliyense wakadumpha ngati nkhani yaing'ono. Ena a inu mukumudziwa mlongo wanga, amene amasoka maukonde pansi pa mtengo padoko pathu. Simunamufunsepo chifukwa chake amatsimphina.

Anali woyendetsa, ndipo anali wabwino. Injini yake inali 25. Kachingwe kake kanatayika kalekale, ndiye anachita zomwe ambiri mumachita: anakoka kabatani kaja n'kukakulunga ndi mphira wa chubu kuti injini isamazime. Tsiku limenelo ankabwerera m'mamawa, usipa utavuta, boti lili lopepuka. Iye anaimirira kumbuyo, dzanja limodzi pa handulo, akuthamangira kuti akafike ogula asanabalalike. Funde limodzi lokha linamenya cham'mbali, phazi linaterereka pa mamba, n'kugwera m'madzi. Kugwako sikunali kanthu, amasambira bwino kwambiri. Koma handulo itasiyidwa inagwera mbali imodzi, injini ili pamoto, ndipo boti linayamba kuzungulira pomwepo. Alovi awiri amene anali kutsogolo anali asanagwirepo injini, ankangokuwa atagwira m'mbali. Ulendo woyamba boti linamudutsa pafupi, iye anamira dala. Atavuuka kuti apume, linali lafika kale kachiwiri. Pulopela inamutema katumba katatu, mizere yotsatana ngati mmene timachekera kampango poyanika. Amene anamuvuula ndi bambo wina wa bwato amene ankaonjola ukonde chapafupi. Ine ndinafika padoko atamugoneka pamchenga, mwendo atamanga ndi chitenje cha mayi wina wogula nsomba, chitenjecho chitasanduka chakuda. Mwendo anaupulumutsa kuchipatala, koma panyanja sanabwererenso.

Kachingwe kamene kakanazimitsa injini ija nthawi yomweyo n'kotchipa kuposa malita awiri a petulo. Ndiye ine pa lamulo ili sindigonja. Ndipo tisangoona kuti kalipo. Munthu alize injini pamaso pathu, akoke kachingweko, injini izime. Ikapanda kuzima, boti likwere kumtunda.

Makaniko, Monkey Bay:
Mayi, pepani kwambiri. Mphira umenewo ndimauchotsa pa mainjini sabata iliyonse, ndipo eni ake ena amaubwezeretsa asanafike n'komwe padoko. Ndiwonjezere kuti kachingweko kasamangidwe padzanja pomwe kangavuke, kamangidwe pamwendo kapena pa lamba wa jekete. Ndibweretsa tingapo tsikulo, wopanda agule pomwepo.

Che Mdala, Msaka:
Mwana wanga, mlongo wakoyo ndikumudziwa. Sindinkadziwa kuti zinayenda choncho. Za kachingwezo sinditsutsa.

Anamwino, Mangochi Boma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mabala a pulopela ndawaonapo, ndipo Mayi a Shakira sanawonjezere kanthu. Ine pempho langa lili pa thanzi la woyendetsa. Sitingakwanitse zopima zonse za kunja zimene anena Aphunzitsi, koma makina a BP ndili nawo ndipo ndidzabwera nawo mwaulere. Munthu amene BP yake yakwera kwambiri m'mawa umenewo apume. Amene amadwala khunyu kapena amagwa chizungulire, ndikupempha ndi mtima wonse, adzandiuze ine pambali, palibe wina adzamve. Si nkhani yochititsa manyazi, koma kugwa uli pa handulo pakati pa madzi n'kosiyana ndi kugwa pabwalo.

Za mowa, fungo lokha silikwanira. Wina amamwa usiku wonse, m'mawa n'kutafuna chingamu. Wina sanamwe koma wasuta. Ndidzayang'ana maso ndi mayendedwe, ndipo ndikati ayi, komiti indiimire kumbuyo, isandisiye ndekha ndikukangana ndi munthu.

Che Mdala, musandiopere za maso. Kuvutika ndi tizilembo ta pafoni n'kwa ukulu, pafupifupi aliyense akapitirira zaka 40 zimamuyamba. Chimene tikufuna n'chakuti muone bwato lili patali. Tidzaika zigubu za mitundu yosiyana chapatali, aliyense atiuze mtundu wake.

Che Mdala, Msaka:
Zapatali ndimaona kuposa mdzukulu wangayu. Boadzulu ndimachiona anyamata akunena kuti ndi mtambo.

Woyendetsa boti la pa loji, Nkopola:
Funso langa ndi lakuti ife a maboti a faiba tili pati? Limene ndimayendetsa ine lili ndi injini ya 115 ndi chiwongolero. Ndikufuna kulowa, koma ndikumva kale manong'onong'o akuti tikabwera ife ndiye kuti mpikisano walandidwa ndi a maloji.

Makaniko, Monkey Bay:
Bwerani, koma m'gulu lanu. Faiba imatsetsereka pamwamba pa madzi, boti la matabwa la usodzi limalima madzi ndi chifuwa. Ngakhale mutawapatsa injini yofanana, sizingafanane. Ndiye magulu akhale a injini, koma matabwa paokha, faiba paokha.

Aphunzitsi, Malindi:
Ndikugwirizana nazo, koma a matabwa asadzione otsika. Liwiro lalikulu kwambiri limene munthu anathamangapo pamadzi ndi makilomita 511 pa ola. Anachita zimenezi ndi Ken Warby wa ku Australia pa 8 Okutobala 1978, pa damu la Blowering, ndipo boti lake, Spirit of Australia, analikhoma yekha ndi matabwa kuseri kwa nyumba yake, n'kuikamo injini ya ndege. Mpaka lero palibe wamuposa. Awiri amene anayesa, Lee Taylor mu 1980 ndi Craig Arfons mu 1989, onse anafera pamadzi.

Bambo a Yusufu, Namiasi:
Achimwene a ku Nkopola, ndikufunseni chimodzi. Bwana wanu akudziwa?

Woyendetsa boti la pa loji, Nkopola:
Sindinawauzebe. Ndimati ndione kaye ngati tiloledwa.

Bambo a Yusufu, Namiasi:
Apo ndiye mwatikumbutsa lamulo limene ndinaliiwala, ndipo likhudza ambiri kuposa inu. Oyendetsa ochuluka pa nyanja ino maboti si awo. Mnyamata akhoza kutenga boti la abwana ake mwakabisira, injini n'kuphulika pa mpikisano wathu, banja lonse la mwini boti n'kugona ndi njala nyengo yonse ya usipa. Mlanduwo udzafika kwa amfumu ndi dzina langa. Ndiye mwini boti abwere yekha adzavomere pamaso pa komiti, kapena atumize kalata yosainidwa ndi nambala yoti timuimbire.

Mayi a Shakira, Makawa:
Limenelo ndalikonda. Ndipo poti tili pa eni maboti, ndifunse poyera: mkazi aloledwa kuyendetsa? Ndikufunsa chifukwa padoko ndamva ena akuti mkazi akakwera boti la usodzi nsomba zimathawa.

Che Mdala, Msaka:
Zimenezo ndi za ku ukonde, ndipo ngakhale kumeneko akuluakulu sankagwirizana onse. Apa sitikukapha nsomba. Ngati akwanitsa zimene mukutiyesa nazo tonsefe, alowe.

Aphunzitsi, Malindi:
Mu F1H2O amuna ndi akazi amathamanga limodzi. Marit Strømøy wa ku Norway anapambana mpikisano wa ku Sharjah mu 2015, amuna onse ali kumbuyo kwake.

Mayi a Shakira, Makawa:
Basi, mundilembe pa gulu la 15, matabwa. Ndipo kusambirako ndidzasambira ndi zovala zanga, chifukwa munthu sagwa m'boti atavula.

Anamwino, Mangochi Boma:
Mfundo imeneyo ndi yaikulu. Mayesowo akhale choncho kwa aliyense: adumphe kuchokera m'boti pamadzi akuya, atavala mmene adzavalire pa mpikisano ndi jekete yake, asambire kuzungulira boti, kenako akweremo yekha. Kukwerako ndi komwe kumagonjetsa anthu. Boti la matabwa m'mbali mwake ndi motalika, zovala zikanyowa zimalemera, ndipo jekete yomangidwa mosasamala imakwera n'kufika m'makutu. Majekete ena amene ndimawaona m'madoko thonje lake linafota kale ndi dzuwa, ongovalira kuti apolisi aone. Tidzawadziwira pomwepo.

Makaniko, Monkey Bay:
Pali nkhani ya kulemera. Mnyamata wowonda ndi bambo wa thupi ngati ine, pa injini ya 15, kusiyana kwake kumaoneka ndi maso.

Aphunzitsi, Malindi:
Kunja amaika mulingo wa kulemera kwa boti pamodzi ndi woyendetsa, wopepuka amawonjezera zolemetsa, ndipo amakwezedwa pa sikelo akamaliza kuthamanga.

Bambo a Yusufu, Namiasi:
Sikelo yokweza boti la matabwa tiitenga kuti? Tisadzipachike. Ine ndikuti boti lililonse likhale ndi anthu awiri, woyendetsa ndi mnzake woyang'ana kutsogolo, basi. Onse awiri akhoze mayeso, ndipo wachiwiriyo adziwe kuzimitsa ndi kuliza injini, tisabwereze za alovi aja anangogwira m'mbali. Kulemera kwa matupi tikusiyire Mulungu amene anatiumba.

Mnyamata wa maboti a alendo, Chembe:
Malo mwasankha? Ngati mukuganiza za kuno, iwalani. Madzi oyandikana ndi zilumba ndi gombe la paki, mamita 100 kuchokera kumtunda, ndi a Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 kuti iteteze nsomba za mbuna. Komanso alendo amasambira ponseponse, mutu wa munthu pamadzi suoneka uli pa liwiro.

Bambo a Yusufu, Namiasi:
Ena amati tichitire pa Shire pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi kuti anthu a m'tauni aonere ali pamwamba. Ndakana. Madzi amayenda kulowera ku Malombe, mabwato amaoloka nthawi iliyonse, ndipo mvuu ndi ng'ona zilipo. Tipeze gombe lotakasuka la kunyanja, tigwirizane ndi amfumu ndi a komiti ya padoko ya BVC kuti m'mawa umenewo pasakhale ukonde pamzerewo.

Aphunzitsi, Malindi:
Kulikonse komwe musankhe, boti lithamange kupita ndi kubwerera. Umu ndi mmene UIM imawerengera liwiro pa kilomita yoyezedwa: maulendo awiri, wina uku wina uko, n'kutenga pakati pake, kuti mphepo kapena kayendedwe ka madzi kasakondere munthu. Kilomitayo tikhoza kuiyeza ndi GPS ya pafoni. Koma pakati pa maulendo awiriwo, ndi pakati pa boti ndi linzake, tidikire madzi agone. Donald Campbell anafa pa 4 Januwale 1967 pa nyanja ya Coniston ku England ali pa ulendo wobwerera. Anatembenuka osaima kuthira mafuta, boti lake Bluebird K7 linanyamuka mutu n'kugudubuzika m'mwamba, ndipo ambiri amaloza mafunde amene iye mwini anasiya pa ulendo woyamba. Thupi lake linavuulidwa mu 2001, patatha zaka 34.

Che Mdala, Msaka:
Aphunzitsi, za ku England mwatiuza, koma ifenso tili ndi zathu. Aliyense wodutsa pa wotchi yaikulu ija ya pa Mangochi Boma aime awerenge chikumbutso cha Vipya. Sitima yatsopano, yachitsulo, inamira mu Julayi 1946 kumpoto uko chifukwa cha mphepo, anthu 145 anapita. Bambo anga ankaikamba nkhaniyi mawu atatsika. Ndiye ikani lamulo ili pamwamba pa onse: pakhale munthu mmodzi wodziwa nyanja amene akati lero ayi, ndiye kuti ayi, ngakhale mbuzi itamangidwa kale ndipo anthu abwera kuchokera ku Namwera. Okutobala mwera umakhala utatha, koma mpoto umadzuka mosalonjera, makamaka dzuwa likakwera. Muyambe kukangocha, pofika 9 koloko mukhale mutamaliza.

Bambo a Yusufu, Namiasi:
Munthu ameneyo ndinu, Che Mdala, ngati gulu livomera. Palibe pano amene amawerenga mitambo kukuposani.

Che Mdala, Msaka:
Ndikavomera udindo umenewo ndiye kuti sindithamanga, chifukwa woweruza sangakhalenso wopikisana. Mwandichenjerera, Che Yusufu. Ndiganize kaye. Injini yanga ndinali nditaisintha kale pulagi.

Woyendetsa boti la pa loji, Nkopola:
Nanga za mapepala? Ine ndili ndi satifiketi yanga ndipo boti lathu ndi lolembetsedwa ku Marine, ofesi ya boma yoona za maulendo a pamadzi. Ndikuona kuti aliyense wolowa akhale ndi pepala, apo ayi tikudziika m'mavuto.

Mnyamata wa maboti a alendo, Chembe:
Mukatero ndiye kuti mwatsala inu a maloji nokha, muthamange awiri. Asodzi angati ali ndi satifiketi yoyendetsera? Che Mdala ali nayo?

Mayi a Shakira, Makawa:
Pepala silinazimitsepo injini munthu atagwa. Ine ndimakhulupirira zimene tingaone ndi maso athu pamchenga: wasambira, wakwera, wakoka chingwe injini yazima, sanamwe, mwini boti wavomera. Koma sindikunena kuti tizembe boma. Ngati lamulo likufuna pepala, tilidziwe lero, tisadzalidziwe tsikulo apolisi atafika.

Bambo a Yusufu, Namiasi:
Apa sindigamula ndekha. Lolemba ndikwera minibasi kupita ku Monkey Bay, ndikaonane ndi a Marine ndi apolisi a panyanja, ndikawauze zonse mmene tazikonzera, ndimve chimene akufuna pa boti ndi pa woyendetsa. Chimene akanene ndidzakuuzani mmene chilili, chokoma kapena chowawa. Makaniko, mundiperekeze poti ndi kwanu. Ndikapemphanso ngati angatithandize ndi boti loti likhale tcheru pamadzi, chifukwa popanda boti lopulumutsa, lokhala ndi anthu awiri osambira bwino, ine sindiimba wezulo.

Makaniko, Monkey Bay:
Mundipeza pa shedi. Mubwere m'mawa maofesi asanadzaze.

Anamwino, Mangochi Boma:
Mayeso osambira tisawachite tsiku la mpikisano, anthu adzakhala ndi phuma ndipo wolephera adzachita manyazi pagulu. Tichite Loweruka lapambuyo pake pa ulendo wa Bambo a Yusufu, anthu ochepa, kuti wolephera akhale ndi masabata oti aphunzire n'kudzayesanso.

Che Mdala, Msaka:
Mdzukulu wanga wandiwerengera zonse kuyambira pamwamba, nkhani ya mlongo wa Mayi a Shakira kawiri. Za udindo uja ndiyankha Lachisanu tikatuluka ku Juma. Koma kaya ndithamanga kaya ndiweruza, Loweruka limenelo ndidzayamba ndine kudumpha, anyamata asadzapeze ponamizira. Wina andibwereke jekete yabwino, yanga ndi ija yofota imene anena anamwino. Ndipo pa kachingwe, ndikupempha kuti woyang'anira akhale mlongo wanu, Mayi. Iyeyo akati injini iyi ayi, palibe mnyamata amene adzatsegule pakamwa.

Mayi a Shakira, Makawa:
Ndapita pansi pa mtengo paja ndamufunsa. Anayamba wakhala chete akusoka, kenako wati abwera. Wati mumupezere mpando pafupi ndi madzi, chifukwa mwendowo sulola kuima nthawi yaitali, ndiponso mpeni wakuthwa wodulira mphira.